Disiko ya Lachisanu

Ntchito yanga imayenda ndi makiyi a eni. Ena ndi a pachitseko, ena ndi senya, mawu achinsinsi aja otsekulira kompyuta ndi modemu. Munthu akakupatsa senya wakulowetsa kuchipinda kwake, ndipo kuno ku Insaca sachita zimenezo chifukwa cha pepala la sukulu. Pepala ndinali nalo ndithu, ndinakalitenga ku Cuamba, koma sindikumbuka munthu amene anapempha kuliona. Ankafunsa kuti ndine mwana wa yani, ndipo ndani wandikhulupirira kale. Chuma changa chonse chinali dzina, ndi kachikwama ka masikuludiraiva.

Woyamba kundipatsa makiyi anali bambo wina amene ndinkamutchula amalume, ngakhale magazi athu sanakumanepo. Iwo ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, Msilamu wobadwira m'banja la asodzi, ife ndife a tchalitchi. Anadziwana ndi bambo anga ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera anabwerera limodzi, ine ndili kumsana. Bambo atamwalira, amalumewo ndiwo anayendetsa zonse, mpaka kufolera nyumba yathu chaka chimene denga linagwa. Amayi anga akamatchula munthu ameneyu ankatsitsa mawu ngati ali m'pemphero.

Anali ndi loja, sitolo ya katundu wa pakhomo, pafupi ndi msika, ndipo pambali pake anatsekula papelariya, mogulitsira makope ndi zolembera, mochitiranso fotokopiya. Nditabwera kusukulu anandiitana n'kunena kuti, "Mwanangu, ndamva waphunzira zamakina. Ndikonzere muno mukhale ngati ku Cuamba." Ndinakonzadi. Makompyuta atatu a makasitomala ndinawayika kutsogolo, yaikulu yosungira zonse kuseri kwa kauntala, makina osindikizira pakati kuti onse aziwafikira. Modemu ndinaipachika pamwamba pafupi ndi zenera, poti m'nyumbamo netiweki inkakonda pamenepo pokha. Nthambo imodzi ndinaiboolera khoma kuti ikafike ku loja. Tsiku limenelo azibambo a njinga za nsomba anaima panja kuonerera mkazi ali pamakwerero ndi chiboolero m'manja, ndipo mmodzi anafunsa ngati mwamuna wanga akudziwa. Ndinamuyankha kuti akadzapezeka ndidzamuuza.

Zambiri za ntchito imeneyi n'zosatamandika. Kupukuta fumbi, kuthamangitsa mavairasi obwera ndi mafulashi a aphunzitsi, kusintha senya ya wayifayi ikafalikira msika wonse, kulumikiza nthambo zimene makoswe adya. Nthambo zanga ndinkazipaka utoto wa m'zikhadabo kumapeto kuti ndizidziwa iyi ikupita kuti: yofiira ku loja, yapinki ku makina osindikizira. Amalume ankaseka n'kumauza anzawo kuti ndapeza injiniya wodzola. Koma ankandinyadira, ndipo kunyadira kwawoko ndiko kunanditsekulira makomo ena. Mayi wa farmasiya, mogulitsira mankhwala, anandiitana, kenako eni nyumba ya alendo, kenako sitolo ya mbewu. Onse ankati, ngati bambo aja anakupatsa makiyi, ifenso tenga.

Chimene chinkadzaza kompyuta yaikuluyo anali mapepala a anthu. Ife obwerera kuchokera ku Malawi pepala timalidziwa kuwawa kwake. Wina satifiketi yake ya sukulu ndi ya tsidya lija, wina kalata ya kubadwa anaipeza movutikira, ndipo kunyumba kuli chiswe ndi denga lodontha. Ndiye munthu akabwera kudzachita fotokopiya ankati, "A tekinika, mundisungirenso m'makinamo." Ndinkatsekulira aliyense foda yake. Munali mabiyete, ziphaso za unzika zija, masatifiketi, makalata ofunsira ntchito, zithunzi za malemu. Munalinso zolemba za aphunzitsi amene ankaphunzira ali pantchito, omwe analibe kompyuta kwawo ndipo ankadzalembera pa ife.

Kompyuta imafa, zimenezo ndinawauza amalume kuyambira pachiyambi. Ndinawagulitsa disiko yapadera, kabokosi kakuda kokwana m'thumba, yoti tizikoperamo zonse. Ndinawauzanso kuti isamagone m'papelariya, chifukwa moto kapena wakuba akabwera adzatenga zonse ziwiri. Iwo anati aziisunga kunyumba kwawo, m'sutikesi ya mapepala a nyumba. Ndinavomera mosangalala, poti mapepala a eni sindinkafuna kugona nawo kwathu.

Tinapangana za Lachisanu. M'mawa ankabwera nayo m'thumba la mkanjo. Nthawi yoswali ikakwana ankatseka zitseko zonse ziwiri, n'kundisiya ndekha mkati. Maola amenewo ndinkawakonda kwambiri. Kunja msika unkachepa phokoso, ine n'kulumikiza disiko, n'kumaonerera mafoda akuwoloka ndikudya chinangwa chootcha. Akabwera kumzikiti ndinkawabwezera m'manja, iwo n'kunena kuti, "Watha, mwanangu?" Ine n'kuti, "Ndatha, amalume." Tinachita zimenezi zaka zingapo osaphonya, kupatula pamene ndinadwala malungo.

Kenako mwana wawo wamkazi anakwatiwa. Mwamunayo anali wa ku Amaramba, wogula nsomba zambiri n'kumatumiza kutali, munthu wa nsapato zowala ndi foni ziwiri. Ukwati unali waukulu, ndipo anaitanitsa wojambula vidiyo. Monga mwa mwambo, mkamwiniyo anayamba wakhala kaye pakhomo pa apongozi ake, m'nyumba ya kuseri. Tsono aliyense wa kuno akudziwa mmene mpongozi ndi mkamwini amakhalira. Sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, wina akatulukira uku wina amapatukira uko. Mawu amadzera mwa mkazi. Amalume, munthu wokalipira oyendetsa ma shapa, maminibasi aja, pamsewu popanda mantha, akamva nsapato za mkamwini ankasanduka mlendo pakhomo pawo pomwe.

Lachisanu lina anabwera opanda disiko. Anati aiwala. Lotsatira anati kiyi wa sutikesi ali ndi mayi a kunyumba, ndipo apita kumaliro. Lachisanu lachitatu anangotseka zitseko n'kumapita kumzikiti mofulumira. Ndinawadikira pobwera.

"Amalume, disiko ija. Masabata atatu tsopano sitinakopere."

"Ili bwino pomwe ili, mwanangu. Usadandaule."

"Mvula yayandikira. Makina akapsa tidzalira."

"Iwe ndi makina akowo. Ndibwera nayo."

Apa ndiye pali kulakwa kwanga, ndipo sindikubisa. Akanakhala mayi wa farmasiya ndikanamuumiriza mpaka atatopa nane. Ndikanatha kupita ndekha kunyumbako, kapena kubwereka disiko ina n'kukoperamo. Koma munthu amene anafolera nyumba ya amayi ako sumufunsa kachinayi. Ndinadziuza kuti zakale zonse zili m'disikomo, chotsala ndi cha masabata ochepa chabe. Ndinatseka pakamwa n'kumakapukuta fumbi.

Mphezi inagwa masana, mvula yoyamba yeniyeni, ine ndili kunyumba ya alendo kukonza wayifayi. Pofika ku papelariya ndinalandiridwa ndi fungo la pulasitiki yopsa. Modemu inali itada mbali imodzi. Moto unayenda m'nthambo n'kukalowa m'kompyuta yaikulu, ndipo nditaitsekula ndinapeza disiko ya mkati yapsa, yosazungulira n'komwe. Amalume anali ataima pakhomo, manja kumbuyo. Ine ndinali wodekha, mwinanso wonyada pang'ono, poti tsiku limene ndinkalinena lija linali litafika ndipo ndinali nditalikonzekera.

"Musade nkhawa. Tigula ina, tibwezeretsa zonse. Ingobweretsani disiko ija."

Anayang'ana mvula.

Disiko inabwera patapita masiku awiri, ndipo anabwera nayo ndi mwana wawo wamkazi uja, atakulunga m'kansalu. Anandipatsa osandiyang'ana. Nditailumikiza pa laputopu yanga ndinapeza vidiyo ya ukwati, mafilimu a nkhonya, nyimbo zambirimbiri, yodzaza mpaka pakamwa. Mafoda a anthu munalibe ngakhale imodzi. Ndinamufunsa mtsikanayo, ndipo poti tinakulira limodzi anandiuza zoona. Mwamuna wake anaona kabokosiko tsiku lina sutikesi itatsekulidwa, n'kutuma iye kuti akapemphe kwa bambo, akufuna kuikamo vidiyo ya ukwati aziwonera pa TV. Bambo anamva n'kupereka. Mwamunayo atailumikiza, TV inakana kuiwerenga n'kufunsa ngati aifufute kaye kuti igwire. Iye anadina kuti inde.

"Nanga bambo sananene kuti muli mapepala a anthu?"

"Akananena bwanji, achemwali? Zikanaoneka ngati akumumana."

"Nanga kuitanitsa?"

"Kuitanitsa chinthu kwa mkamwini? Inunso mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Ndinakwiya, koma ndinamvetsa, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuwakhululukira amalume. Ndinatha masiku atatu ndikuyesa mapulogalamu ofukula zofufutidwa. Chinthu chikangofufutidwa chimapezeka, koma chikalembedwa china pamwamba ndiye chapita. Ndinafukula zidutswa: theka la biyete ya munthu, tsamba limodzi la kalata, chithunzi cha agogo ena chodukira pamphuno. Zina zonse zinali pansi pa mafilimu a nkhonya.

Anthu anayamba kubwera. Amene anandipweteka mtima kwambiri anali mphunzitsi wina wamkazi wa sukulu ya pulaimale, wamkulu kwa ine, amene kwa chaka chathunthu ankabwera akaweruka kudzalemba ntchito yake yomalizira maphunziro. Ankalemba ndi zala ziwiri, ndipo ndinali nditamuphunzitsa ndine kusunga fayilo. Fulashi yake inali itafa kale ndi vairasi, ndiye ndinamuuza kuti asavutike, kuno n'kotetezeka. Nditamufotokozera kuti zonse zapita anangokhala pampando. Sindinamuuze za mkamwini. Ndinkaona kuti nkhani ya m'banja la eni aifotokoze okha.

Anaifotokozadi. Ndinaimva sabata yotsatira ku farmasiya, kumene ndinapita monga mwa masiku onse kukaona makina. Mayi uja sanandilole kuseri kwa kauntala. Anandipatsa pepala ndi cholembera.

"Mundilembere masenya onse apa, a tekinika. Ndi kiyi wa kabati uja mundisiyire."

"Kwachitika chiyani?"

"Palibe. Kungoti amalume anu akuti disiko munkasunga ndinu, ndiye munaibwereketsa kwa anzanu a mafilimu. Ine mapepala a odwala sindingaseweretse."

Ndinalemba masenyawo. Sindinalire, ndinali ndi ukali woti ndikanatha kuluma cholemberacho. Kunyumba ya alendo anandiuza kuti abwana kulibe, chonsecho njinga yawo yamoto ili panja. Ku sitolo ya mbewu anati adzandiimbira. Pofika madzulo a tsiku limenelo ndinalibe khomo ndi limodzi lomwe.

Panjira ndinakumana ndi mphunzitsi uja akuchokera kusukulu, choko chili m'manja. Ndinafuna kupatuka koma anandiimitsa. Anati, "Ndamva zimene akunena. Ine sindikhulupirira. Munthu amene ankandikalipira ndikatulutsa fulashi osaitseka sangachite zimenezo." Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri, chifukwa m'tauni monse ndi iye yekha amene ananena choncho, ndipo ndi iye amene anataya zambiri.

M'mawa mwake ndinapita ku loja. Ndinadikira kasitomala wa sopo atuluke, n'kuika disiko pakauntala.

"Amalume, mwauza anthu kuti chiyani?"

"Khala pansi, mwanangu."

"Sindikhala. Muli vidiyo ya ukwati wa mwana wanu umu. Aliyense atha kuona."

Anaitenga disikoyo, anaitembenuza, n'kuibwezera pomwepo. Sanakane chilichonse, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa akanakana. Analankhula mofatsa, ngati akundifotokozera mtengo wa shuga.

"Anthu anabwera ambiri, amafuna dzina. Ndikanatchula ndani? Mkamwini? Banja la mwana wanga silinathe ndi chaka chomwe. Akwawo akamva kuti ndamuyalutsa pamsika, amutenga, mwana wanga atsala. Ndidzitchule ndekha? Ndevu izi, ndi kumzikiti ndimakhala kutsogolo. Iwe ndiwe mwana. Mwana akalakwa anthu amaiwala msanga."

"Ndili ndi zaka makumi atatu. Ntchito yanga yatha."

"Siinathe. Ubwere upepese pamaso pa anthu, ine ndikukhululukire, onse aona kuti nkhani yatha. Ndikawauza ndine a farmasiya kuti akubwezere makiyi."

Ndinatenga disiko n'kutuluka osatsanzika, chinthu chimene ndinali ndisanawachitepo. Ndinali nditaganiza kale chochita. Pamsika pali kanyumba koonetsa mafilimu, ndipo ndinkafuna kukalumikiza disikoyo pamenepo kuti anthu aone mkwati ndi mkwatibwi akuvina pamwamba pa masatifiketi awo. Koma ndinati ndiyambe ndauza amayi, asamve kwa ena.

Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Ndinafotokoza zonse, kuyambira Lachisanu loyamba mpaka mawu a amalume. Ndinatsekula ndi laputopu kuti aone okha. Anaonerera pang'ono mkwatibwi akulowa, n'kunena kuti nsaluyo inamukhala. Kenako anabwerera ku chinangwa chawo.

"Ndikudziwa kuti sunachite," anatero. "Anabwera kuno dzana, anandiuza okha."

"Anakuuzani? Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinati mwanayo ndi wanu, adzapepesa."

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Ndinawafunsa ngati akumva zimene akunena, kuti ndikavomere bodza pamaso pa anthu amene anandipatsa mapepala awo. Amayi sanakweze mawu. Anati bambo ako anaikidwa ndi munthu ameneyu. Anati pochokera ku Malawi iwe unadwala panjira, anakunyamula ndi iye. Anati zaka zonsezi sanatipemphepo kanthu, lero wapempha kamodzi. Anati ukakaonetsa chinthucho pamsika, ine ndidzayenda njira iti m'tauni muno?

Ndinayesa kuwauza kuti dzina ndilo ndimadyera. Anayankha kuti dzinalo anandipatsa ndi yemweyo. Ukali wanga wonse unali wokonzekera amalume, ndipo ndinalibe ukali wina wotsala woti ndilimbane nawo amayi anga, atakhala pamphasa ndi mpeni wosendera, akundipempha ndi maso ofiira. Ndinamva kuti andigulitsa anthu awiri, ndipo anagwirizana ine kulibe.

Ndinapita Loweruka m'mawa, nthawi imene papelariya imadzaza. Amayi anandiperekeza, atavala nsalu yawo ya kutchalitchi. Disiko ndinaipereka kwa amalume ndi manja awiri, iwo n'kuilowetsa m'thumba. Munali anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ena odzachita fotokopiya, ena ongofuna kumva za mapepala awo. Ndinagwada pasimenti, pafupi ndi nthambo zimene ndinakoka ndekha, n'kunena mawu amene tinagwirizana: kuti ndinasasamala, kuti disiko inali m'manja mwanga, kuti ndikupempha amalume ndi onse andikhululukire.

Amalume anachita bwino kwambiri mbali yawo. Anatuluka kuseri kwa kauntala, anandigwira paphewa, n'kulankhula mokweza kuti ndi a panja omwe amve. Anati ana amalakwa, ndipo iwo sangataye mwana wa mnzawo chifukwa cha kabokosi. Anati, "Ndakukhululukira, mwanangu. Dzuka." Mayi wina anati koma bamboyu ndi wa mtima wabwino. Amayi anga anawomba m'manja mwaulemu, kuthokoza.

Makiyi anabwereradi. Mayi wa farmasiya anandiitana patapita sabata, koma mpaka lero ndikamagwira kompyuta yake amaima kumbuyo kwanga, ndipo senya amalemba yekha ine nditayang'ana kumbali.

Podzuka pasimenti paja ndinaona kuti mphunzitsi uja anali ataima pakhomo, kope lili m'manja. Anali atabwera kudzayambiranso kulemba ntchito yake, ndipo anamva zonse kuchokera pakamwa panga. Ndinafuna kuti akalipe, kapena afunse, kuti mwina ndipeze poyambira. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Ine ndinakukanirani kwa anthu, a tekinika." Anapinda kope lake n'kutuluka, ndipo sanabwerenso kudzalemba.